Sorry ya Adada a ku Chilumba

Ine Chingerezi ndinkachidziwa, ndipo ndinkafuna kuti aliyense adziwe kuti ndimachidziwa. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezo, chifukwa ndi zimene zinatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito munthu wosalakwa.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Karonga ndinapita ngati mphunzitsi, boma litanditumiza pa sukulu ina ya pulayimale. Ndinkaphunzitsa Chingerezi, ndipo cholembera changa chofiira chinkatha inki msanga kuposa cha mphunzitsi wina aliyense. Ngakhale kalata yondifunsira imene abambo akunyumba anandilembera m'Chingerezi ndinaibweza nditaikonza. Mpaka lero amaisunga. Amati ndi umboni wakuti iwo ndi munthu wopirira.

Nditaphunzitsa zaka zingapo, kunabwera kampani ina yakunja yofufuza miyala m'mapiri a kumtunda, cha ku njira ya ku Chitipa. Sinali yokumba mgodi ayi. Inkangoboola pansi ndi makina n'kutulutsa miyala yobulungira, yaitali ngati nzimbe, imene ankaindandalika m'mabokosi kuti akatswiri aziipima. Ankafuna kalaliki wa zachitetezo, munthu woti pakachitika ngozi iliyonse, kaya wina wadzicheka chala, azilemba lipoti m'Chingerezi chomveka n'kulitumiza ku likulu lawo ku Australia. Ndinati ntchito imeneyi anapangira ine. Choko ndinachisiya osacheuka.

Pa msasa paja m'pamene ndinadziwa kuti Chingerezi si chimodzi. Mayi wopima miyala, amene anachokera ku Australia konko, ankayankhula osatsegula pakamwa, mawu onse ankatulukira m'mphuno. Injiniya wa ku India ankathamanga nacho ngati wina akumulondola. Mkulu wa msasa, bambo wa ku South Africa, akati chinthu achita pompano, mumadziwa kuti mwina mawa. Oyendetsa makina oboolera anali a ku Tanzania, ndipo chawo chinali chosakaniza ndi Chiswahili mopanda manyazi. Sabata yoyamba ine, mphunzitsi wa Chingerezi, ndinkangogwedeza mutu n'kumaseka pamene anzanga aseka. Chinkandiwawa kwambiri n'chakuti anthu amene sanaphunzire ngati ine ankamvana nawo bwinobwino. Wina aloza, wina ajambula pansi ndi kamtengo, wina abwereza kawiri, ntchito n'kumayenda.

Komabe inali ntchito yokoma. Nthawi ya tiyi tinkakhala tonse pansi pa mtengo, zipewa zolimba zija titaika pa mawondo, n'kumaphunzitsana mawu. Mayi wa ku Australia anaphunzira kunena kuti “yewo” ndi “ndaga”, zikomo wa zinenero ziwiri za kumeneko, n'kumazisokoneza tsiku lililonse. Ife tinkamutsanzira kayankhulidwe kake iye ali pomwepo, iye n'kumaseka mpaka misozi. Sindinasekepo pa ntchito ngati mmene ndinkasekera pansi pa mtengo uja.

Pakamwa ndinkagonja, koma papepala ndinali dolo. Malipoti anga ndinkawaveka mawu akuluakulu. Tsiku lina bwana wina wa ku likulu anayankha kuti malipoti ochokera ku Karonga ndi olembedwa bwino kuposa a kwina konse. Uthengawo ndinausindikiza, n'kuumata pakhoma pamwamba pa kompyuta yanga, pamalo poti aliyense wolowa ayambe wauona.

Woyang'anira shedi yosungiramo mabokosi a miyala anali bambo wina wa ku Chilumba, wamtali, wa imvi m'mbali mwa mutu. Tonse tinkangowatchula kuti adada, monga mmene anthu akumeneko amatchulira bambo. Anagwirapo ntchito ku mgodi wa Kayelekera mpaka pamene ntchito inaima, ndipo anachokako ndi kalata yonena kuti zaka zonse zimene anakhalako sanachititsepo ngozi. Kalatayo ankaisunga m'kapulasitiki, m'thumba la malaya, ndipo ndi imene inawapezetsa ntchito pa msasa wathu. Kunyanja, kumene ankapha nsomba kale, sakanabwererako, phewa lawo linali litakana kale nkhafi. Chingerezi chawo chinali cha mawu owerengeka, koma aliwonse ankagwira ntchito yake. Ine ndiye ankakonda kundiseka.

“Aticha, Chizungu chanu ndi chachikulu chomene,” ankatero ndikalowa mu shedi ndi mafomu anga. “Muno sichingakwane yayi. Muzichisiya pakhomo pamodzi ndi ambulera.”

Ngozi inachitika m'mawa wina wotentha. Mayi wopima miyala uja anapempha kuti mabokosi ayalidwe pansi m'mizere, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo adada anawayala. Iye ankayenda pakati pa mizereyo ndi kachipangizo kake kopimira miyala, kokhala ngati kamfuti, kamene tonse tinauzidwa kuti tisamakakhudze n'komwe. Wina anamuitana panja. Anatembenuka, n'kubwerera chafutambuyo maso ali kwina, chidendene n'kukola bokosi. Anagwa chagada. Kachipangizo kaja kanamenya pa simenti n'kusweka, dzanja lake n'kuthyoka pamfundo.

Ine ndinali pakhomo, ndinaona zonse. Adada ndi amene anayamba kufika. Anagwada pambali pake.

“Sorry madam! Sorry! Sorry chomene!”

Mayi uja anamutengera kuchipatala, ndipo patapita masiku awiri anakwera ndege kupita kwawo kuti akamuchite opaleshoni. Ine ndinakhala pa kompyuta ndi fomu yanga. Panali mzere wofunsa zimene anthu amene analipo ananena kapena kuchita. Ndinayamba kulemba kuti woyang'anira shedi anati sorry. Ndinaima. Kaliwu kameneka kanandionekera kachabechabe, ka mwana wa sitandade wani. Lipoti lopita ku Australia lingakhale ndi sorry? Ndinafufuta. M'malo mwake ndinalemba kuti woyang'anira shedi “apologised repeatedly”, kutanthauza kuti anapempha chikhululukiro mobwerezabwereza. Ndinaliwerenga kawiri, n'kudzimva kukoma. Ndinatumiza, n'kupita kukamwa tiyi.

Patatha sabata ziwiri adada analowa mu ofesi mwanga atagwira envulopu. Sanandiseke tsiku limenelo.

“Aticha, mundiwerengere. Abwana andipatsa, akuti ndikhale dankha kunyumba.”

Kalatayo inachokera ku likulu. Inati popeza woyang'anira shedi anavomera yekha kuti ndiye analakwa, wayamba waimitsidwa. Lachisanu kudzakhala msonkhano wa pa kompyuta, ndipo zikadzapezeka kuti ngoziyo inachitika chifukwa cha kusasamala kwake, ntchito idzatha. Pakati pa kalatayo panali mawu anga awiri aja, atawakopera ndendende mmene ndinawalembera.

Ndinawamasulira kalata ija, koma mawu awiriwo ndinawadumpha.

“Ine ndavomera vichi?” anafunsa adada. Anatulutsa kapulasitiki kaja m'thumba, n'kukayang'ana, n'kukabwezera. “Akandichotsa ndi mbiri iyi, kalata iyi yafwa. Ndani angandilembe ntchito?”

Ndikanawauza pomwepo. Sindinawauze, ndinachita mantha ndi manyazi. Ndinangoti, “Musadandaule adada, tikonza.”

Madzulo ndinafotokozera abambo akunyumba. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa mwaulemu kwambiri kuti, “Nanga cholembera chofiira chija, amayi, munachisiya kusukulu?” Ndinawakalipira, koma chakudya sichinalowe.

M'mawa mwake ndinalembera ku likulu kalata ya masamba awiri yofotokoza chikhalidwe chathu. Ndinaidzaza mawu akuluakulu kuposa a mu lipoti muja, poti matenda anga anali asanathe. Yankho linabwera la mzere umodzi: tidzakambirana Lachisanu.

Amene ananditsegula mutu anali mkulu wa oboola miyala, bambo wa ku Tanzania. Anandipeza pansi pa mtengo, tiyi wanga atazizira, ndipo nditamufotokozera anaseka.

“Dada, vuto lenu ni dogo,” anatero m'Chichewa chake chophatikiza, poti kwawo dada ndi mlongo ndipo dogo ndi chaching'ono. “Kwathu tili ndi mawu awiri. Munthu akagwa yekha timati pole. Ukamugwetsa iwe umati samahani. Inu muli ndi pepani mmodzi, ndiye mwamukwatitsa kwa sorry. Azungu adziwa bwanji kuti wabwera ndi uti?”

Zinali zoona, ndipo zaka zonse zimene ndinaphunzitsa ndinali ndisanaziganizirepo. Kwathu munthu akapunthwa timati pepani. Akatsamwa, pepani. Mvula ikamunyowetsa, pepani, ngati kuti mitambo ndi yathu. Ku Karonga nako amati phepani. Mawuwa amangotanthauza kuti ndaona zimene zakuchitikira ndipo zandikhudza. Munthu amene mnzake wagwa iye n'kungoyang'ana duu timamuona ngati wouma mtima. Adada anachita zimene anaphunzitsidwa ali mwana, ndipo ine ndinazisandutsa mlandu.

Lachisanu tinasonkhana mu ofesi ya mkulu wa msasa, yomwe inali kontena yoboola mawindo. Munali mkulu wa msasa, adada atavala malaya oyera ositidwa bwino, anthu awiri oimira ogwira ntchito, mkulu wa oboola miyala uja, ndi ine womasulira. Pa kompyuta panaoneka anthu awiri a ku likulu: bambo wa magalasi, yemwe uja anayamikira malipoti anga, ndi mayi wina woona za antchito. Kwathu kunali m'mawa, kwawo dzuwa linali litapendeka, ndipo ankaoneka kuti akufuna kuweruka.

Bambo wa magalasi anati akufuna kumva kwa adada eni ake, ine ndisalowerere pokhapokha atapempha. Anafunsa pang'onopang'ono, ndipo ndikhulupirira kuti ankafuna kuwathandiza.

“You did not leave the box in the wrong place?”

Ankafunsa kuti, simunasiye bokosi pamalo olakwika? Adada anamva bwinobwino. Anakhala tsonga n'kuyankha mwamphamvu.

“Yes sir!”

Ndinatseka maso. Kwathu munthu akakufunsa kuti “sunadye?” iwe usanadye, umati eya, sindinadye. Adada ankati eya, sindinasiye. Koma m'makutu mwa anthu aja anali atavomera kachiwiri. Ndinaona bambo wa magalasi akuwerama n'kulemba.

Ndinalowerera osapemphedwa. Ndinayamba kufotokoza za eya wathu, za pepani wathu, za kusiyana kwa zinenero, ndipo mmene mtima unkathamangira ndi mmenenso mawu anga ankatalikira. Netiweki nayo inasankha nthawi yomweyo kuti izidukaduka. Nkhope zawo zinkauma, kenaka n'kuyambanso kuyenda. Nditamaliza, bambo uja anayankha mofatsa. Anati akumva, koma lipoti linanena momveka kuti munthuyu anapempha chikhululukiro, ndipo amene analilemba ndi munthu amene iwo amamudalira chifukwa sasokoneza mawu. Chikalata chimene ndinamata pakhoma chija chinali chitanditembenukira.

Ndinayang'ana adada. Sankamva zonse, koma nkhope za anthu ankaziwerenga. Dzanja lawo linali pa thumba la malaya.

Sindikudziwa kuti nzeru imeneyi inachokera kuti. Ndinati ndikatenge fayilo pa shelefu. Ndinaimirira, n'kuonetsetsa kuti ndili pamene kamera ikundiona, ndipo ndinakoletsa dala phazi langa ku mwendo wa mpando. Ndinkafuna kungodzandira pang'ono, mwaulemu, ngati mayi wa mpingo. Koma ndinaiwala kuti ndavala jombo zachitetezo, zolemera ngati njerwa. Jombo inakola mpando, mpando unakola chingwe cha fani, ndipo ine, mphunzitsi wolemekezeka, ndinagwa chafufumimba, bondo n'kumenya pansi kuti phi! Fani nayo inandigwera pamsana.

“Sorry madam!”

“Sorry! Sorry aticha!”

“Phepani chomene!”

“Pole dada, pole sana!”

Onse anakuwa nthawi imodzi. Wophika, amene ankalowa ndi tiyi, anakuwa sorry ali pakhomo. Mlonda anasuzumira pa windo n'kuponyamo sorry wakenso asanaone n'komwe kuti wagwa ndani. Ndipo woyamba kufika, atagwada pambali panga akuchotsa fani, anali adada, munthu amene ntchito yake inali pa mpeni chifukwa cha mawu omwewo.

“Sorry aticha, sorry chomene. Mwapweteka?”

Bondo linkawawa zenizeni, misozi inali m'maso. Koma ndinadzutsa mutu ndili pansi pomwepo, n'kuyang'ana kompyuta ija, ndipo ndinayankhula Chingerezi chaching'ono kuposa china chilichonse chimene ndinayankhulapo.

“Sir, who pushed me?”

Ndinawafunsa kuti wandikankha ndani. Nkhope zija zinauma, ine n'kuganiza kuti netiweki yadukanso ndipo ndagwa pachabe. Kenaka mayi woona za antchito uja anagwira pakamwa, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka. Bambo wa magalasi anavula magalasi ake. Anafunsa ngati ndili bwino, ndipo ndinati ayi, koma andilole ndimalize. Ndinawauza m'mawu afupiafupi kuti anthu onsewa anena sorry ndipo palibe wandikhudza. Ndinati adada ananena sorry, basi. Mawu ena aja sananene iwo, ndinawaika ndine chifukwa ndinkafuna kuti lipoti likongole. Ndinati wolakwa ndine.

Mkulu wa msasa anawonjeza kuti iyenso chibwerereni ku Malawi wakhala akudabwa chifukwa chake anthu amapepesa iye akadziluma lilime. Bambo wa magalasi anafunsanso adada funso lija, koma ulendo uno analiwongola: kodi bokosi linali pamalo ake? Adada anati yes sir, ndipo aliyense, kuno ndi ku Australia, anamva chinthu chimodzi. Bambo wa magalasi anati alankhulanso ndi mayi wovulala uja, zomwe akanachita poyamba pomwe, ndipo atiyankha Lolemba.

Kompyuta itangozimitsidwa, kontena yonse inaphulika ndi kuseka. Wophika anakhala pansi ndi thireyi yake. Mkulu wa oboola miyala ankangomenya tebulo akuti, “Dada, wewe ni hatari!” kutanthauza kuti ndine woopsa. Ine ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi, wina akundimanga bandeji. Ndipo poti ndinali kalaliki wa zachitetezo, ndinayenera kulemba lipoti la ngozi yanga yomwe. Pa mzere wa zimene anthu ananena ndinalemba sorry kasanu ndi kawiri, phepani kamodzi, pole kawiri.

Lolemba kunabwera makalata awiri. Yoyamba inali yobwezera adada pa ntchito, yonena kuti sanalakwe chilichonse. Mayi wopima miyala anali atawauza kuti anagwa yekha, ndipo anakwiya kumva kuti nkhaniyo inafika pamenepo iye osadziwa. Yachiwiri inali yanga, yondichenjeza kuti ndizilemba zimene munthu wanena, osati zimene ndikuona kuti akananena. Sindinasangalalepo ndi kalata yondidzudzula ngati tsiku limenelo. Munali sipelo imodzi yolakwika. Ndinaiona, ndipo ndinaisiya. Chikalata cha pakhoma chija ndinachimatula, n'kumatapo imeneyi.

Panatsala chinthu chimodzi. Zonse zija ndinazinena m'Chingerezi, kwa anthu a kutali. Mwini wake ndinali ndisanamuuze.

Ndinapita ku shedi ndikutsimphina. Ndinawapeza adada akupukuta mabokosi, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi. Kalata yatsopano ija anali ataipinda kale n'kuilowetsa m'kapulasitiki, pamodzi ndi yakale.

“Adada, pepani.”

Anayang'ana bandeji yanga. “Bondo ndi lanu aticha. Phepani ndinene ndine.”

“Ayi adada, si pepani ameneyo. Uyu ndi winayo.” Ndinawayandikira. “Mawu amene anakuimitsani ntchito ndinalemba ndine. Inu simunanene. Ndipo tsiku lija mutabwera ndi kalata, ndinawaona, koma sindinakuuzeni. Ndinalakwa. Mundikhululukire.”

Anaika kansalu pansi. Anati ankadziwa kuyambira tsiku lomwe lija, chifukwa ine ndikamawerenga Chizungu sindipuma, koma pa kalata ija ndinapuma pakati, n'kudumpha mzere. Anati anakwiya masiku awiri, ndipo akazi awo anawauza kuti asandipatsenso moni. Koma munthu amene wadzigwetsa pamaso pa azungu, fani n'kumukwera pamsana, ungapitirize bwanji kumukwiyira? Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

Kenaka anasuzumira pakhomo, kumanja ndi kumanzere, n'kuwerama kufupi ndi khutu langa.

“Sono aticha, ndamva, ndipo nkhani yamala. Kweni izi mwanena apazi musalembe yayi mu lipoti. Angakuchotseni ntchito.”